Manganya pa Mpando

Pa 21 June 2024, mu mzinda wa Lilongwe, a Michael Bizwick Usi adalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi. Padali patangopita masiku 11 chigwere ndege ija m'nkhalango ya Chikangawa, imene idapha a Saulos Chilima pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, ndipo dziko lidali likadali pa maliro. Koma anthu pouzana nkhaniyi m'mabasi, m'misika ndi m'zigayo, ambiri sadatchule dzina la Usi ai. Ankanena kuti amene walowa m'malomo ndi Manganya.

Manganya si munthu. Ndi dzina la m'sewero, limene a Usi adalipeka nalivala kwa zaka zambiri pa wailesi, pa kanema ndi m'mafilimu amene ankalemba ndi kutsogolera okha. Kuti timvetse chimene chidachitika pamene dzinali lidakwera pa mpando, tiyenera kuyamba tafunsa kuti kodi nthabwala za Chichewa mphamvu yake zimaitenga kuti, chifukwa a Usi sadagwe kumwamba. Adapeza njira itapondedwa kale.

Ife a ku Mchinji sitisowa kupita kutali pofuna yankho. Pa bwalo la gule wamkulu pamatuluka Simoni, wa nkhope yofiira ngati Mzungu amene dzuwa lamuwamba, pamatulukanso Maliya, amene amishoni adadana naye kwambiri poona kuti akunyoza chipembedzo chao. Za kudambwe sitiulula pano. Chimene aliyense woonerera amadziwa n'chakuti chilombo chitha kuseka mfumu, Bwana D.C. kapena wansembe, koma m'mawa mwake palibe amene angaitanidwe ku mlandu, pakuti wanena zija si munthu wa m'mudzimo. Pa maliro napo pali mwambo wonga womwewo. Adzukulu, amene amakumba manda ndi kunyamula chitanda, ali ndi ufulu wochita nthabwala pakati pa anamfedwa, kugwira nkhuku ya mwini wake, ngakhale kutengera kayendedwe ka malemuyo, ndipo palibe wowakalipira. Wochita nthabwala amaloledwa kunena zosaneneka chifukwa waima kunja kwa nkhaniyo: chilombo sichifuna ufumu, ndipo mdzukulu sadya nao chuma cha masiye.

Nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ufulu umenewu udapanikizidwa koma sudafe. M'chaka cha 1968, chaka chomwecho chimene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, boma lidakhazikitsa lamulo loti buku, sewero kapena filimu iliyonse iziyamba yaonedwa ndi bungwe la Censorship Board. Olemba m'Chingerezi adaphunzira kubisa nkhani m'mafanizo, monga mmene ankachitira a Writers Group pa Chancellor College kuyambira 1970, ndipo ngakhale kubisako sikudapulumutse a Jack Mapanje, amene adatengedwa mu 1987 nakakhala ku Mikuyu mpaka 1991. Koma kumaiko a Azungu wolemba zoseketsa amakhala ndi tsamba lake m'nyuzipepala sabata ndi sabata. Kuno tsamba lotero lidali wailesi. Anthu osadziwa kuwerenga adali ochuluka, nyuzipepala siinkafika kumidzi, pamene wailesi imodzi ya mabatire inkatha kusonkhanitsa mabanja atatu pa khonde. Choncho amene akadakhala olemba nkhani zoseketsa adakhala olemba masewero a pa MBC. A Smart Likhaya Mbewe ndi Kapalepale wao ndiwo amakumbukika koposa. Pa nsanja padadza gulu la Kwathu, mmene mudatuluka Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, amene adatisiya mu 2016 ndi mu 2021.

Kuno ku malire tidali ndi mwai wina umene anzathu a ku Zomba adalibe. Chipata ali pafupi kuposa Lilongwe, ndipo kungopotokola pang'ono chotsegulira wailesi unkamva Lusaka. Kumeneko kudali a Julius Chongo ndi pulogalamu yao ya Poceza m'Madzulo, munthu mmodzi woyankhula mau a nkhalamba, a mtsikana, a fisi ndi a wapolisi m'nthano imodzi, m'Chinyanja chimene aliyense wa kwa Mkanda kapena kwa Mlonyeni ankachimva ngati cha kwao. A Ernst Wendland adalemba kafukufuku wa digiri yao ya udokotala pa nthano za a Chongo mu 1979. Ndatchula zimenezi pofuna kuonetsa kuti omvera a Chichewa adaphunzitsidwa kalekale kusiyanitsa munthu ndi mau amene wabwereka. Palibe amene ankaganiza kuti a Chongo ndi fisi.

A Usi adabadwa pa 16 September 1968 m'boma la Mulanje. Ndi a mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo adayamba ndi ntchito ya zaumoyo asadalowe bungwe la mpingowo loona za chitukuko ndi chithandizo, la ADRA, kumene adagwira zaka zoposa 20 mpaka kukhala mkulu wake m'dziko muno. Pambuyo pake adatenga digiri ya udokotala pa University of Bedfordshire ku England. Mfundo imeneyi ambiri amailumpha, koma ndi yofunika. Manganya sadabadwire m'holo ya zisudzo mmene anthu amalipira pakhomo. Adakulira m'ntchito ya bungwe lothandiza, ndipo sewero limene lidamtchukitsa, Tikuferanji, lidali ndi ntchito yoti ligwire: kuyankhula za Edzi kwa anthu amene sankafuna kumva.

Achinyamata a pa sukulu pano, amene adabadwa mankhwala otalikitsa moyo atafika kale, mwina sangamvetse mmene chete wa masiku amenewo adaliri. Wodwala woyamba adapezeka m'Malawi mu 1985. M'zaka zotsiriza za Dr Banda nkhani ya kugonana siinkakambidwa poyera, ndipo matendawa adafala mwakachetechete, kutsata misewu ya malole, maesiteti a fodya ndi malo ogona alendo, monga tidaonera m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku chipata cha Mwami. Anthu adawapatsa maina ozungulira: kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma. Pa maliro mwini mbumba ankangoti malemuwa adwala nthawi yaitali, onse n'kumva, koma wosatsegula pakamwa. Mu 1995 anthu miyandamiyanda adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa a Billy Goodson Chisupe, ena pa malole, ena pa njinga, akuluakulu a boma ali m'gulu lomwelo. Bungwe la National AIDS Commission lidakhazikitsidwa mu 2001, ndipo mankhwala aulere m'zipatala za boma adayamba mu 2004, chaka chimene a Bakili Muluzi adaulula poyera kuti m'bale wao adamwalira ndi matendawa. Pakati pa 1985 ndi 2004 pali zaka 19 za maliro osatchulidwa dzina.

M'chete ameneyu ndi mmene Tikuferanji adalowa, ndipo luso lake loyamba lili m'dzina lenilenilo. Taonani kuti silikuti mukuferanji, monga angafunsire mlaliki ali pa gome kapena mlangizi wa zaumoyo ali ndi chithunzi chake chopachika pa mtengo. Likuti ti-. Wofunsayo ali m'gulu la akufawo. Manganya, amene anthu amamutchanso Bambo a Sikono, si mphunzitsi wodziwa zonse ai. Ndi mwamuna wa pakamwa, wodzimva, wochenjera pa zazing'ono ndi wopusa pa zazikulu, wokhala ndi yankho pa chilichonse ngakhale asakuchidziwa. Aliyense ali ndi malume wotere. Owonerera ankaseka Manganya akudzitchinjiriza pamaso pa Make Sikono, ndipo pakati pa kusekako ankazindikira kuti zifukwa zimene iye akupereka ndi zomwe iwo adapereka dzulo kunyumba. Imeneyi ndi ntchito ya mdzukulu yeniyeni, kuseketsa anamfedwa pamene chitanda chili pomwepo, kuti mitima imasuke ndipo nkhani ikambike.

Pamene Television Malawi idatsegulidwa mu April 1999 (Dr Banda sadalole kanema m'dziko muno pa ulamuliro wao wonse, pamene Zambia idali naye chiyambire 1961), mau amene anthu ankangowamva adapeza nkhope. Kanemayo adali wosauka pa mapulogalamu, ndipo sewero la Chichewa lokhala ndi anthu ovala ngati ife, okangana m'nyumba zonga zathu, lidali ngati mvula yoyamba. Kumidzi, kumene magetsi kulibe, anthu ankaonera pa kanema wa batire la galimoto kwa mphunzitsi kapena pa golosale. M'kupita kwa nthawi seweroli lidakula kuposa Edzi, nkumakhudza nkhanza za m'banja, umphawi, katangale ndi kayendetsedwe ka dziko. Apa ndi pamene Manganya adayamba kununkhira ndale, koma adali akadali chilombo cha pa bwalo: ankanena, anthu n'kuseka, akuluakulu n'kumeza malovu.

Za mafilimu ao sindichedwapo, chifukwa pa maganizo anga si kumene kuli ulemu wao waukulu. A Usi adalemba, kutsogolera ndi kusewera m'mafilimu monga Dr Manga, Manganya, Living on Perfume ndi International Cook, pa nthawi imene Malawi adalibe sukulu ya filimu, thumba la boma lothandiza opanga mafilimu, kapena nyumba zoonetseramo zokwanira, Apollo ya ku Blantyre itatha mphamvu. Msika udali m'tizinyumba ta vidiyo ta pa malo ochitira malonda, mmene mafilimu a ku Nigeria ndi a karate adali atamanga kale msasa. Kuika Chichewa m'tizinyumba timeneto kudali kulimba mtima, ndipo tiyenera kuvomereza. Koma mphamvu ya a Usi ili m'kamwa, osati m'diso la kamera. Nkhani zao zimayenda ndi makambitsirano, monga sewero la pa wailesi limene laikidwa zithunzi. Mutatseka maso simutaya zambiri. Amene adaonetsa kuti kamera payokha itha kusimba nkhani ya Malawi ndi a Charles Shemu Joyah, katswiri woyeza malo amene adadziphunzitsa yekha filimu. Seasons of a Life yao idapata mphotho ku Zanzibar mu 2009, kenaka padabwera The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017. Komabe funsani mai wogulitsa mtedza pa Kamwendo kuti mwa awiriwa akudziwa yani. Yankho lake lisatichititse manyazi ife a pa koleji. Litiphunzitse kuti omvera athu ali kuti.

Kutchuka kumeneku ndiko kudawakokera ku ndale. Si iwo oyamba. Du Chisiza Jr, mwini gulu la Wakhumbata limene adaliyambitsa mu 1987, adali ataluma boma m'masewero ake a Chingerezi, koma mu 1993, ulamuliro wa Dr Banda ukugwedezeka, adavomera unduna wa zachinyamata, masewero ndi chikhalidwe. Ambiri amene ankamuombera m'manja adakhumudwa, ndipo ngakhale adabwerera ku nsanja nagwira ntchito mpaka imfa yake mu February 1999, funso loti adalowerenji lidamtsata. Kunja nako zoterezi zachitika: ku Guatemala adasankha wanthabwala Jimmy Morales mu 2015, ndipo ku Ukraine mu 2019 adasankha Volodymyr Zelensky, amene adayamba wasewera ngati pulezidenti pa kanema asadakhale pulezidenti weniweni. Anthu akatopa ndi andale amathamangira kwa amene ankawaseka andalewo, poganiza kuti woona matenda ndiye sing'anga.

A Usi adayambitsa gulu lao lotchedwa Odya Zake Alibe Mlandu, ndipo pano ndifuna awerengi aime pang'ono. Dzinali ndi mwambi, ndipo phunziro lake la kudzidalira ndi kusaba ndi labwino m'dziko lozunzika ndi katangale. Koma liikeni pambali pa dzina lija la sewero. Tikuferanji ndi funso, ndipo lili ndi ti- wa tonse. Odya Zake Alibe Mlandu ndi yankho, ndipo lili ndi zake wa munthu mmodzi. Wosewera amafunsa n'kusiyira omvera kuti akagone nalo funsolo. Wandale sangapite pa msonkhano ndi funso, ayenera kunyamula yankho. Kusintha konse kwa moyo wa a Usi kukuoneka m'maina awiriwa.

Zotsatira zake zimadziwika, choncho tingozidutsa. Mu 2019 a Chilima adawasankha kukhala womutsatira pa tikiti ya UTM, ndipo adakhala achitatu ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse. Khoti lidafafaniza chisankhocho pa 3 February 2020, mgwirizano wa Tonse udapambana pa 23 June, ndipo mu July a Lazarus Chakwera adapatsa a Usi unduna wa zokopa alendo, chikhalidwe ndi nyama zakutchire. Wanthabwala uja tsopano adali nduna ya anthu a luso anzake, ndipo lamulo lija la 1968 lidali likadali m'mabuku pamene ankachoka mu undunawo mu January 2023 kupita ku wa zachilengedwe ndi kusintha kwa nyengo. Kenaka padadza ngozi ya ku Chikangawa. UTM idatuluka m'boma mu July 2024, iwo adatsalira, ndipo njira zao ndi chipanicho zidasiyana.

Miyezi 15 imene adakhala pa mpando wachiwiri ndiyo yopatsa chidwi kwa wophunzira za zisudzo. A Usi sadasiye kayankhulidwe ka Manganya: miyambi, nthabwala, kutembenuza nkhani mwadzidzidzi, kuyenda pakati pa anthu wamba m'misika. Owakonda ankati uyu ndiye mtsogoleri wodziwa anthu. Otsutsa ankati dziko likusowa mafuta a galimoto, mitengo ya chimanga ndi shuga ikukwera tsiku ndi tsiku, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri akuchita sewero. Ine ndiona kuti mbali zonse ziwiri zidaphonya pamene padali vuto lenileni. Mau adali omwewo, luso lidali lomwelo. Chimene chidasintha ndi malo oimapo. Manganya akanena kuti akuluakulu akudya okha, anthu ankaseka chifukwa iye adali nao limodzi kunja kwa mpanda. Mau omwewo akatuluka m'kamwa mwa munthu woyenda ndi mdipiti wa galimoto ndi apolisi patsogolo, womvera amafunsa kuti nanga inu muli kuti. Ndipo pamene a Usi ankafuna kunena zoona zenizeni, zopanda nthabwala, anthu ena ankadikirabe poti aseke. Dzina limene lidawatsegulira khomo ndi lomwe lidawatsekereza kumveka atalowa.

Pali amene anganene kuti ndikupondereza munthu, kuti wosewera ndi nzika ngati wina aliyense ndipo ali ndi ufulu wopikisana pa mpando uliwonse. Zoona, ndipo a Usi sadali wosewera chabe. Adayendetsa bungwe lalikulu zaka zambiri, zimene andale ena amene amawaseka sadachitepo. Nkhani yanga si ya ufulu wao kapena nzeru zao. Ndi ya mtengo umene udalipiridwa, ndi amene adaulipira. Pa bwalo la gule, chilombo chikatha kuvina chimabwerera kumene chidachokera, ndipo chifukwa cha kubwererako chitha kudzatulukanso chaka chamawa n'kuseka mfumu ina. Manganya adatuluka pa bwalo n'kukakhala pa mpando wa nduna za mfumu, anthu onse akuona. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene anganene pa sewero chimayezedwa ngati mau a chipani: wa mbali iyi aseka, wa mbali inayo akwiya. Ti- uja adagawika.

Pa chisankho cha pa 16 September 2025, tsiku lomwe a Usi ankakwanitsa zaka 57, iwo adaima pa tikiti ya Odya Zake Alibe Mlandu, lomwe tsopano lidali chipani. A Peter Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, a Chakwera adatsatira ndi 33. Munthu amene nkhope yake imadziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, amene ana a kumudzi amatha kutengera kayankhulidwe kake, sadafike ngakhale pa voti imodzi mwa 100 alionse. Mu October adatula udindo, ndipo mai Jane Ansah adalowa m'malo mwao.

Chiwerengero chimenechi ena adachiwerenga ngati chitonzo. Ine ndichiwerenga mwa mtundu wina. Omvera amene adaleredwa ndi Kapalepale, ndi a Chongo, ndi Izeki ndi Jakobo sadasokonezeke konse. Kwa zaka zambiri adamkonda Manganya, adamvera zimene ankanena za kachilombo pamene mlaliki ndi nduna ankalephera kuzitchula, ndipo ndikhulupirira kuti alipo anthu amene adapita kukayezetsa magazi chifukwa cha sewero lija. Atalowa m'kachipinda kovotera adaona pa pepala chithunzi cha a Michael Usi, wandale wa ku Mulanje, namuyeza monga amayezera andale ena onse 16 amene adali pa pepalalo.